Nyumba Imene Uladi Anaionera Pamsewu

Panali munthu wina ku Mangochi, dzina lake Uladi, amene ankagula nsomba zouma m'madoko n'kumakagulitsa ku Limbe. Inali nthawi ya chipani chimodzi, masiku amene mumsika sunkalowa wopanda khadi la chipani, ndipo ukafuna kutchula dzina la wamkulu unkayamba wacheuka.

Geni itamuyendera, Uladi anaganiza zomangira mkazi wake Abiba nyumba ya njerwa ndi malata. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Zena, amene anabadwa atamudikira zaka zambiri. Uladi ankafuna kuti mwanayo akule osadziwa denga lodontha.

Tsiku lina pa depoti ya basi anakumana ndi bambo wovala jekete, baji ya chipani ili pachifuwa. Anati ndi Rowland, kontilakita wochokera ku Zomba. Pakamwa pake panali potsekemera, ndipo mtengo wake unali wotsika. Uladi anakopeka nthawi yomweyo, koma Abiba mtima sunakhale pansi.

"Che Uladi, munthuyu kwawo sitikudziwako. Kaoneni kaye nyumba imene anamangapo, mukafunse eni ake ngati ikupirira mvula."

Rowland atamva zimenezi sanavute. Anatengana ndi Uladi pa njinga kulowera msewu wa ku Malindi, n'kumuonetsa nyumba yoyera bwino, ya khonde lalikulu, itakhala pakamtunda. Uladi anayamba kukankha njinga kuti akaodire, koma Rowland anamugwira mkono.

"Mukupita kuti, achimwene? Mmenemo mumakhala akuluakulu a chipani. Mukakayamba kufunsafunsa za nyumba yawo, akufunsani kuti wakutumani ndani. Ine sindikakuwombolanitu."

Uladi anabweza njinga yake. Nyumbayo anangoiyamikira ali pamsewu, n'kubwerera.

"Mwalankhula nawo eni ake?" anafunsa Abiba.

"Ndaiona ndi maso angawa. Zinazo si zofunsa, mayi. Mukufuna ndikagone kupolisi?"

Ntchito inayamba, ndipo inkathamanga modabwitsa. Uladi nthawi zambiri ankakhala ali paulendo wa nsomba. Abiba ndi amene ankaona kuti maziko akumbidwa osafika n'komwe m'mawondo, ndiponso kuti njerwa zina zikufumbutuka m'manja. Atadandaula, Rowland anangosisita baji yake ija.

"Mayi, ife tinamangira akuluakulu. Mukutanthauza kuti iwowo ndi opusa?"

Funso limenelo masiku amenewo linalibe woyankha. Amisiri anapaka pulasitala, anathira laimu, nyumba inawala mpaka anthu odutsa ankaima kuisirira. Rowland analandira zake n'kutsanzika.

Mvula inabwera ya mphamvu chaka chimenecho, yosakata masiku angapo. Tsiku lina masana Abiba ali kukhitchini, Zena akusewera pakhonde, khoma la kutsogolo linangokhuthuka. Anthu anafukula ndi manja n'kumupeza mwanayo akupuma, koma mwendo utaphwanyika. Kuchipatala anayesetsa, mwendowo sunapulumuke.

Khoma logwalo linaulula zonse. M'kati munali njerwa zosapsa zomangidwa ndi dothi, simenti inali kunja kokha ngati chikopa. Uladi anamufunafuna Rowland ku depoti, kumsika, mpaka ku Zomba, osamupeza. Ku ofesi ya chipani anamuuza kuti dzina limenelo sakulidziwa, ndipo baji aliyense akhoza kuvala.

Chisoni chinamuthetsa mantha. Anati kaya andimanga andimange, ndikagwada kwa akuluakulu aja, mwina iwo akudziwa kumene munthuyu ali. Anakwera njinga mpaka pa nyumba yoyera ija, ndipo ulendo uno anafika pakhomo.

"Odi kuno!"

Anatuluka mayi wachikulire, tsache lili m'manja. Anali a Marita, mphunzitsi wopuma pantchito. Uladi anapempha kuti aonane ndi bwana.

"Bwana wake uti? Muno ndimakhala ine ndi adzukulu anga. Nyumbayi anamanga malemu amuna anga ndi amisiri a ku mishoni."

"Nanga a Rowland?"

"Wa jekete uja? Chimene anandimangira ine ndi icho." Analoza mulu wa dothi kuseri, pamene panamera udzu. "Linali khola la mbuzi. Linagwa ndi mvula yoyamba, mbuzi zili momwemo."

Uladi anafotokoza za Zena. Mayi aja anaika tsache pansi n'kumuyang'anitsitsa.

"Ndakukumbukirani. Munaima apo ndi njinga, iye akuloza nyumba yanga. Sindinu oyamba amene iye anabwera nawo kuno. Tsiku limenelo ndinatuluka mpaka pakhonde, ndikudikira kuti mufike ndikuuzeni, koma munabwerera. Mukanangoti odi, mwananga."

Uladi anacheuka kuyang'ana pamsewu pamene anaima tsiku lija. Panali pafupi, poti mwana akhoza kuponya mwala n'kufika. Anakhala pansi pomwepo n'kulira ngati wamng'ono. Nyumba anamanga ina patapita zaka, koma Zena mpaka lero amayendera ndodo.

Phunziro: Safunsa anadya phula. Mmisiri sadziwika ndi jekete, baji kapena mayina a akuluakulu amene akutchula. Musanamupatse ntchito, fikani pakhomo la nyumba imene akuti anamanga, mulankhule ndi eni ake pamaso. Amene akukuopsezani kuti musafunse ali ndi chimene akubisa. Tumizirani abale ndi anzanu amene akuganiza zomanga, mwina mupulumutsa mwana wa wina.