Telala Amene Anadula Tizingwe ta Machila

Panali munthu wina, telala wa masuti, yemwe sankatha kuona ulusi ukulendewera osaudula. Akuti nkhaniyi ndi yoona, ndipo amene amawadziwa bambowa satsutsa. Kasizasi kankakhala m'thumba la malaya awo ngakhale paukwati. Ukangokhala patsogolo pawo ndi kolala yotuluka ulusi, umangozindikira wadulidwa kale.

Atelalawa anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, ndipo ankamukonda koopsa. Mwanayo atakwatiwa ndi mwamuna wogwira ntchito yoyang'anira nkhalango, mtima wa bambo ake sunakhale m'malo. Sikuti mkamwiniyo anali ndi vuto, ayi. Mlandu wake unali wotenga mwana wawo basi. Zaka zitatu zinatha akungomutchula kuti "aujeni", ndipo mkamwiniyo akanena kuti kunja kwatentha, iwo ankavala jekete. Mwana wawo zinkamupweteka kwambiri, mpaka anauza amayi ake kuti zikapitirira asiya kubwera kunyumbako. Atelala atamva zimenezi anachita mantha, koma kugonja kunawavuta.

Mkamwini anaganiza zoyesa komaliza. Anaitana apongozi ake onse awiri kuti akagone masiku awiri kunkhalango komwe amagwira ntchito, pamodzi ndi iye ndi mkazi wake, matenti alipo. Atelala anati munthu wamkulu salowa m'nyumba chokwawa. Anali ataona pa foni ya kasitomala anthu akugona m'machila omangirira pa mitengo iwiri, ndiye anasoka awo. Anasankha lona wochindikala, napondetsa misoko iwiriiwiri, n'kumauza aliyense wolowa m'shopu kuti pamenepa dontho silingadutse.

Atafika, mkamwini sanatsutse kanthu. Anasankha mitengo yolimba, anamangirira machilawo, pamwamba anayala pepala la pulasitiki loteteza mvula. Kenako anatenga tizingwe tiwiri, kamodzi kumutu kena kumiyendo, n'kutimanga pa zingwe zikuluzikulu zija kuti tizilendewera.

"Bambo, tizingwe iti musatichotse," anatero. "Mvula ikagwa madzi amatsika ndi chingwe kuchokera kumtengo. Akafika apa amadonthera pansi, osakupezani."

"Aujeni," anayankha atelala, "ine ndinayamba kugwira zingwe inu musanabadwe."

Akazi awo anawanong'oneza kuti amvere mwini tchire, koma anangokhala ngati akulankhula ndi chitsa.

Anthu atalowa m'matenti, atelala anakwera m'machila awo. Anali abwino ndithu, osanama. Koma kachingwe kaja kankalendewera pamwamba pa mphuno yawo penipeni. Anatembenuka, anatsinzina, anayesa kuganiza zina, osatheka. Pa ntchito yosokedwa ndi manja awo pazioneka zoterezi? Anapisa m'thumba, nadula konse kuwiri, ndipo tulo tinabwera nthawi yomweyo.

M'bandakucha mvula inagwa ya mkokomo. Madzi anatsika ndi zingwe zonse ziwiri monga mkamwini anawauzira, ndipo lona uja anasunga lonjezo lake: dontho silinadutse. Atelala anadzidzimuka ali m'madzi ofika m'chiuno, ozizira ngati a m'firiji. Anati adzuke, msana unakana. Machila anali atalemera n'kuwafinya mbali zonse, miyendo ili m'mwamba.

Anaitana akazi awo, koma mvula inkachita phokoso pa tenti. Anaitana mwana wawo, zii. Chapatali anaona mkamwini atavala lenikhoti, akukokakoka zingwe za tenti ya apongozi ake aakazi kuti isagwe. Mano akugogoda, atelala anazindikira kuti dzina la masiku onse lija silingatuluke pakamwa pa munthu wopempha thandizo. Manyazi anawagwira, koma kuzizira kunaposa manyazi.

"Mwananga, tabwera undichotse muno."

Mkamwini anathamanga. Anapendeketsa machila, madzi anakhuthuka, iye n'kuwabereka kumsana mpaka mu tenti yake. Anawapukuta, anawaveka zovala zake zouma, anawafunditsa mabulangeti awiri. Za tizingwe sanafunse, ngakhale anaona bwinobwino kuti palibe.

Kutacha, mwana wawo anafunsa mwamuna wake mokwiya kuti anamanga bwanji machila mpaka bambo ake kunyowa chonchi. Mkamwini anangoti mvula yake inali yamphamvu, mwina sanamange bwino. Atelala anali khale pa chigubu, thalauza ya mkamwini itapindidwa katatu m'miyendo, kapu ya tiyi ili m'manja. Anayang'ana munthu amene ankadzisenzetsa mlandu wawo, ndipo chisoni chinawagwira. Anatumiza akazi awo kukapisa m'thumba la malaya onyowa aja, ndipo munatuluka tizingwe tiwiri.

"Musiye mwamuna wako," anatero atelala. "Akunama pondisungira ulemu. Ndinadula ndine."

Akazi awo anaseka mpaka kukhala pansi. Mwana wawo anayamba ndi kuseka nayenso, kenako misozi.

Msana unatenga sabata ziwiri kuti ukhale bwino. Tsiku lomwe anatsegulanso shopu, atelala anaimbira foni mkamwini kuti abwere msanga. Iye anafika ali wefuwefu poganiza kuti matenda abwereranso. Anawapeza ataima pakati pa shopu, tepi ili m'khosi, nsalu yomwe anaisunga zaka zambiri osagulitsa ili pa tebulo.

"Imirira bwino, tambasula manja," anatero. "Mwana wa telala sayenda ndi suti yogula."

Phunziro: Si chilichonse cholendewera chomwe ndi chofunika kudula. Ukatswiri wako uli ndi malire, ndipo ukafika pa ntchito ya mnzako, mvera mwini wake ngakhale akhale wamng'ono kwa iwe. Komanso amene wakwatira mwana wako sanakubere, wakuwonjezera mwana. Tumizirani nkhaniyi apongozi onse amene mukuwadziwa, asadikire kuti madzi afike m'chiuno.