Dzuka, Dzuka

"Nyimboyi yatalika, achemwali," anatero wojambula nyimbo, uku akudula ndime yachitatu pakompyuta. "Tisiye 'dzuka, dzuka' yekhayu, ng'oma tizithamangitse. Muona zotsatira zake."

Mayi woyimbayo anafuna kukana, koma wojambulayo anali atadula kale. Ndime yodulidwayo ndi imene inkanena za bedi la kuchipatala, dzanja la mwamuna wake likuzizira, iye akumugwedeza: dzuka, bambo a mwana, dzuka.

Nyimbo itatuluka inafala ngati moto wolusa. M'minibasi, m'mabala, m'mafoni a ana asukulu, inali yomweyo basi.

Apongozi a mayiyo anamuyimbira foni. "Taimva, mwana wanga. Ife misozi sinaume, iwe wayamba kale kuvinitsa anthu?"

Loweruka lina anamuitana kukayimba paukwati. Atangogwira maiki n'kutulutsa liwu loyamba, holo yonse inanyamuka, akwati, makolo awo, ngakhale agogo oyendera ndodo.

"Mwaonatu?" wojambula uja anamukuwira kukhutu, akuseka mano onse pamtunda. "Inu mukati dzuka, palibe angakane!"

Mayiyo anayang'ana mphete ya pachala chake, n'kupitiriza kuyimba.