Chitenje mu Eyakoni

A Hawkins anali chigonere pabedi pamene mmisiri anatsegula eyakoni, makina oziziritsa mpweya a kuchipinda kwawo. Sefa inatuluka itakulungidwa m'chitenje, chakuda bii ndi fumbi.

"Anachita zimenezi ndani?" anafunsa mmisiriyo, ali chiimirire pampando.

"Ndine," anayankha mayi Selina, akazi a Hawkins, mosaphethira n'komwe. "Fumbi la ku Machinjiri kuno mukulidziwa. Abambowa ali ndi mphumu. Ndinaona kuti sefa yokha siikukwana."

Chitulukireni m'chipatala miyezi itatu yapitayo, a Hawkins anali asanapondepo pakhonde. Mazenera onse mayiwo anawamata ndi selotepi, kunsi kwa chitseko anatsekako ndi thaulo lonyowa. Ngakhale kukuwa kwa oitanira minibasi kunkamveka ngati kukuchokera kuseri kwa phiri.

"Mayi, makinawa mwawatsamwitsa," anatero mmisiri uja akuvula chitenjecho. "N'chifukwa chake akudontha madzi. Sefayi muzingoitsuka pakatha masabata awiri, iume, muibwezere. Osawonjezerapo kanthu. Chinthu chopuma chimafuna mpweya, chisiyeni chipume."

Mayi Selina anavomera ndi mutu, nanyamula sefa ija kukatsuka pampopi. Potuluka anatseka chitseko, n'kukankhira thaulo lija m'malo mwake ndi phazi, monga mwa masiku onse.

A Hawkins anadzuka pang'onopang'ono. Anakodola mmisiriyo ndi chala.

"Achimwene," ananong'ona, maso ali pazenera, "mawu mwanenawo muwabwereze akabwera. Koma ulendo uno muloze ine."