Chifuwa cha Patson

"Muwauze kuti akulavula magazi," anatero Juliana, mkazi wa Patson wogwira ntchito mumgodi. "Muwauze momwemo, a Kalaliki."

Amene ankauzidwayo anali Kingsford Chavula, womasulira wa kampani ya mgodi. Patsogolo pake panakhala azungu a boma amene anabwera ku Kitwe kudzafufuza ngati fumbi la pansi likudwalitsa anthu. Akapeza choncho aika lamulo, ndipo lamulolo kampani sinkalifuna. M'mawa womwewo bwana wa komboni anali atamufunsa ngati ana ake akugona bwino m'nyumba ya kampani. Tsopano bwanayo anaima pakhomo, akuseweretsa makiyi.

"Patson wanga ankasenza thumba la chimanga yekha," Juliana anapitiriza. "Lero kuti akafike kuchimbudzi, mpaka apume panjira. Mwangoti duu bwanji? Si inu munadzamuzonda Lamulungu? Beseni la magazi lija simunalione?"

Kingsford anali atalionadi.

Mzungu wapakati anakweza cholembera. "Akuti chiyani mayiyu?"

Makiyi anasiya kulira.

"Akuti mwamuna wake ali ndi chifuwa cha nyengo yozizira," Kingsford anayankha m'Chingerezi chake chosalala, "ndipo akuthokoza kampani chifukwa cha mankhwala."

Mzunguyo analemba pang'ono, nagwedeza mutu. Juliana anagwada, nawomba m'manja.

"Zikomo, achimwene. Ndimadziwa kuti wakwathu sangatitaye."

Ananu, munthu akadzakusenzetsani mawu ake kuti mukamutulire, mukawatule onse. Musakasiye ena panjira ngati Kingsford.