Miyala Iwiri pa Mjigo

Masiku ano mjigo sutulutsa madzi mpaka banja litakhoza funso la sayansi la mwana wawo wa sukulu. Mukalakwa, tsikulo palibe madzi.

Nangondo anaima pamjigopo ndi ndowa, khanda likutentha thupi kumsana.

Makina a pamjigowo anafunsa: "Mukagwetsa pamodzi mwala waukulu ndi waung'ono, uyamba kufika pansi ndi uti?"

"Waukulu," anatero mwamuna wake, chala chili kale pabatani.

Mwana wawo Tiyamike anangozolika. Nangondo anaona kuti yankholo akulidziwa, koma mwana satsutsa bambo ake pagulu.

Nangondo anawerama, natola miyala iwiri, waukulu ndi waung'ono, naigwetsa pamapazi pa mwamuna wake ngati yamupulumuka. Phokoso linamveka limodzi.

Bamboyo anatsokomola, nasunthira chala pabatani lakuti "Yonse pamodzi". "Ndimangokuyesani," anatero.