Ulusi wa Telala pa Chikope cha Mkwatibwi

Panali telala wina amene ankadziwikanso ndi luso lochotsa njerewere. Ankatenga ulusi wosokera n'kumanga njerewere patsinde penipeni, pakatha masiku anayi inkafota n'kugwa yokha. Anachotsa za m'khosi, za m'khwapa, mpaka anzake anayamba kumutchula kuti Adokotala a Singano. Dzinalo linamulowa m'mutu.

Mwana wa mlongo wake anali pafupi kukwatiwa, ndipo diresi ankasoka ndi telalayo. Tsiku loyesa diresi, telala anaona kanyama kolendewera pachikope cha mtsikanayo, m'mphepete mwenimweni mwa diso.

“Ukajambulitsa zithunzi ndi chimenechi?” anafunsa.

“Amalume, kuchipatala anati ndipite mwezi wamawa akachotse okha. Akuti pafupi ndi diso si posewerera.”

“Mwezi wamawa ukwati utatha? Khala apa. Izi ndiye zanga.”

Mkazi wa telalayo ankasita zovala pakona. Anati, “Bambo, khosi ndi diso n'zosiyana. Musiyeni mwanayo.”

“Iwe zingosita,” anayankha, uku akudula ulusi ndi mano.

Anamanga ndithu. Koma chikope chimaphethira tsiku lonse, ulusi unkangomasuka. Pofika tsiku lachitatu chikope chinali chitatupa, kanyamako kali pompo. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Iyeyu anaona ngati dzina lake lipita pansi. Anatenga kasizasi kodulira ulusi, anakapukuta pabuluku, n'kuuza mtsikanayo kuti asagwedezeke. Chitsulo chitangokhudza chikope, mtsikanayo anadzidzimuka, nsonga n'kukanda diso.

“Ndi misozi chabe iyo,” anatero telala. “Uzitsuka ndi madzi amchere. Mayi ako usawauze, angade nkhawa zachabe.”

Mtsikanayo anamvera, poti amalume ndi amalume. Anabisa disolo ndi magalasi akuda masiku asanu, akumva ululu osanena. Mayi ake atamuvula magalasiwo, anathamanga naye kuchipatala, koma mafinya anali atalowa kale m'kati.

Dokotala anangoti, “Mukanabwera tsiku lomwelo, tikanalipulumutsa.”

Diso lija silinaonenso.

Ukwati unachitikabe. Telala anapita kukapepesa, anagwada, analira ngati mwana. Mtsikanayo sanamutukwane, sanamukanize kufika pakhomo pake. Mpaka lero amalume akabwera amawalandira bwino, amawafunsa za kunyumba, amawapatsa madzi akumwa. Koma mpando wawo amauika kumbali ya diso lakufalo.

Phunziro: Sikuti chilichonse chomera pakhungu n'chomanga ndi ulusi kapena chodula ndi lezala, makamaka chikakhala pafupi ndi diso. Kuchipatala akakuuzani kuti dikirani, dikirani. Ndipo chikalakwika musabise, pakuti chobisa chimaola. M'banja lililonse muli dokotala wosaphunzira amene amati “izi ndiye zanga.” Mutumizireni nkhaniyi iyeyo poyamba, kenako ena onse.