Lole ya Derahman

Nambala yake pamzere inali 47, ndipo Derahman anali atakapindapinda kapepalako mpaka kufewa ngati kansanza. Anakhala pa benchi m'banki ya Chisilamu mumzinda wa Kota Bharu.

Miyezi isanu m'mbuyomo mtsinje wa Kelantan unasefukira n'kukokolola lole yake ili chiimire pakhomo, makokonati ali momwemo. Anakaipeza patatha sabata itapindika pansi pa mlatho. Ku banki sananene. Ankaopa kuti akangomva kuti lole kulibe, afuna ndalama zawo zonse tsiku limodzi. Mkulu wake anagulapo galimoto pangongole ya banki wamba, galimoto n'kupsa, koma analipirabe zaka zinayi, chiwongoladzanja chikungokwera, mpaka nyumba inapita.

Derahman anabwera ku banki iyi pothawa riba, chiwongoladzanja chimene chipembedzo chake chimaletsa. Koma mapepala sanawerenge, anangosayina pomwe chala cha kalaliki chinaloza. Kwa iye banki inali banki basi, kaya wapadesiki wavala mpango kumutu kaya tayi.

Choncho mwezi ndi mwezi ankapereka ku banki ndalama zokwana maringiti 1,400 akumwetulira. Poyamba anagulitsa zibangili zagolide za mkazi wake. Zitatha, anapita kwa wakatapila n'kusiya kalata ya malo a nyumba yake ngati chikole. Munthu wa mzere woyamba mumzikiti, lero akulipira riba ndi manja ake! Manyazi ankamudya moti za katapilayo ngakhale mkazi wake sanamuuze. Tsopano chogulitsa chinali chitatha, ndipo wakatapila ankafuna zake pofika Lachinayi, apo ayi alanda nyumba.

Nambala inaitanidwa. Padesiki panali Norhayati, mtsikana wamagalasi, msinkhu wa mwana wake.

"Bambo Derahman! Inu simuchedwa kulipira, ena onse akanakhala ngati inu bwenzi tikugona masana. Lole ikuyenda bwino?"

Bodza linali kale pamilomo, koma linakana kutuluka.

"Mwanawe, lole kulibe. Inapita ndi madzi. Ndingopempha mundidikireko miyezi iwiri, nyumba yokha musaigwire."

Kumwetulira kwa mtsikanayo kunazima.

"Liti?"

"Mvula ya Disembala ija."

"Munailowetsa m'madzi ndinu?"

"Ine? Inali pakhomo, Mulungu ndi mboni. Amudzi onse anaona."

Norhayati anatsegula faelo, n'kutsetsereka ndi chala pa tsamba lachitatu. Anawerenga kawiri. Kenako anavula magalasi n'kumuyang'ana. Derahman anadziwa kuti basi zake zada. Anayamba kuganiza mawu okauza mkazi wake, ndi m'bale amene angawalandire ndi ana anayi.

"Bambo," anatero mtsikanayo motsitsa mawu, "ife sitinakukongozeni ndalama. Lole tinagula ndife, inali yathu, inu mumangolipira lendi mpaka tsiku lodzakugulitsani. Itapita ndi madzi, tinaluza ndife, ndipo lendi inathera pomwepo, simunkayenera kulipiranso kanthu. Nanga miyezi isanu yonseyi, ndalama zimenezi mumazitenga kuti?"